Bambo Wapasitima ndi Chinkhoswe cha Tionge

Turffontein, Joni
3 Epulo 2024

Okondedwa amake Tionge,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wathu. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija, lomwe layamba kale kulosera za chisanu.

Munanena kuti pa foni ndimangokalipa, simutolapo kanthu. Chabwino. Ndagula kope, ndizilemba. Pepala siligonthetsa munthu m'khutu. Makalata azibwera ndi a Sidiki, adalaivala a basi aja, pamodzi ndi katundu. Muzikawadikira ku Wenela monga mwa masiku onse.

M'katoni muli sopo, mafuta ophikira, nsapato zanu za kutchalitchi, ndi buku la Tionge la nambala 16. Limeneli ndiye lomaliza. Inu mumatiseka kuti bambo wa imvi ndi mtsikana wamkulu wogwira ntchito ku famase ya ku Limbe tikulimbana ndi mabuku a zithunzi a ku Japan, awa amati manga. Sekani. Koma kumbukirani kuti pamene ndinkachoka, Tionge anali Fomu 1, ndipo pa foni tinkangoti "uli bwanji", "ndili bwino", nkhani yathera pomwepo. Tsiku limene abwana kuno ku shopu ya mabuku anandipatsa buku long'ambika chikuto kuti ndikataye, ine n'kulitumiza kumeneko, m'pamene ine ndi mwana wanga tinapeza chokamba. Zaka eyiti tsopano.

Popeza simunawerengepo, ndikuuzeni mwachidule kuti muzititsatira tikamakangana. Pali mtsikana wokonza maambulera pa kashopu ka amayi ake, ife timamutcha Nambulera. Pali mnyamata wamanyazi, timamutcha Chete, amene amathyola dala ambulera yake kuti apeze chifukwa chopitira kushopuko. Bambo ake a mtsikanayo amagwira ntchito pasitima yapamadzi, amabwera mwa apo ndi apo. Cheteyo anatha mabuku naini asanamugwire dzanja. Ameneyo ndiye mnyamata woleredwa.

Tsopano nkhani yokoma. Nkhaniyi aipanga katuni yoyenda ndi kuyankhula, yomwe Tionge amati anime. Iyamba Lamulungu likubwerali, magawo 12, limodzi pa sabata. Tapangana kuti tikaweruka ku tchalitchi, 3 koloko masana, iye azionera ku Chitawira ine kuno, tikatha tiziimbirana. Nthawi imeneyo musamutume kumsika, ngakhale mchere utatha.

Za mnyamata wake uja Raphael, ndamva kuti atsibweni ake akaonekera kwa alamu anga a Peterson. Ndakondwa. Wadzera pakhomo, sanalowere pawindo. Ine ndibwera Disembala, mapepala anga okhalira kuno akatuluka. Akuti akadali mu ofesi. Imeneyo tisaikambe.

Lata la pabafa mukhometse mphepo ya Juni isanalinyamule.

Ndine wanu,
Ellard


24 Epulo 2024

Amake Tionge,

Landirani moni. A Sidiki akuti chimfine chinakugwirani. Imwani mandimu otentha, musachite makani. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Atibera, amake Tionge. Magawo atatu okha, adya kale mabuku faifi!

Gawo loyamba ndinaonera nditavala jekete ngati ndaitanidwa ku ukwati. Sindinama, nyimbo yoyambira ndi yokoma, ndipo mvula aijambula bwino moti ndinasuzumira pawindo kuona ngati ndasiya zovala pachingwe. Nambulera atatsegula pakamwa koyamba ndinaimirira. Zaka eyiti ndikumudziwa mwana ameneyu osamumvapo mawu!

Koma liwiro lake! M'buku Chete amathyola maambulera seveni, iliyonse ndi nkhani yake. Yachinayi ndi ija anabwereka kwa aphunzitsi, n'kukhala sabata yonse akukolopa kalasi. Mu katuni wathyola imodzi yokha, kenako nyimbo, enawo angodutsa fyuu ngati maminibasi a pa Haiwe. Pofika gawo lachitatu wamugwira kale dzanja. Lachitatu! Mwana wa eni ake, amayi ake sunawapatseko moni, ukugwira dzanja? Chete amene ndimamudziwa ine akanakomoka. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, Chingerezi ndinachitola m'makatoni a mabuku, ndipo buku loyamba ndinaliwerenga chobwerera osadziwa kuti anzathu a ku Japan amayambira kumene ife timathera. Komabe nkhaniyi ndinaimva kuposa amene apanga katuniyi.

Tinacheza ndi Tionge mpaka bandulo inatha. Iye akuti, "Adadi, mwina nthawi inawachepera." Ine ndinati telala nsalu ikamuchepera asoke siketi yabwino, osati diresi lopanda mkono umodzi. Anaseka mpaka kutsamwa. Ndinakumvani inu kumbuyo mukufunsa ngati kwagwa zovuta. Sikunagwe kanthu. Kungoti kuseka kumene kuja ndinali ndisanakumve chaka chino.

Abwana andiletsa kuuza makasitomala maganizo anga. Mayi wina anabwera kudzagula chithunzi chachikulu cha katuniyo, ine n'kumulangiza bwinobwino kuti agule buku m'malo mwake. Akuti ndinakweza mawu. Mawu anga ndi omwewa, anthu akuno ndiwo ali ndi makutu anthete.

Mapapaya akapsa mugawireko a neba, asamachite kuba.

Wanu,
Ellard


22 Meyi 2024

Amake Tionge,

Kalata yanu ndalandira, ndayamika kuti nonse muli bwino. Ine ndili moyo.

27 Julayi? Chinkhoswe cha mwana wanga, 27 Julayi? Ndawerenga katatu, nambala sinasinthe. Mukuti a Peterson anena kuti holo ya ku Naperi yapezeka tsiku limenelo, ndipo Disembala kumagwa mvula. Alamu angawo maminibasi awo aja awalowa m'magazi. Akaona mipando yadzaza amangomenya chitseko, "Tiye, Limbe!" osacheuka kuona ngati wina akuthamangira kumbuyo. Wothamangayo ndine.

Mukudziwa kuti Julayi sindingabwere. Ndikadutsa pa malire a Beitbridge mapepala asanatuluke, kulowanso kuno ndi nkhani ina. Sindilemba zambiri.

Mwambo ndikuudziwa, musandiphunzitse. Mbumba ndi yawo, atsibweni ake a Tionge ndi iwo, olandira nkhuku ndi kutchula tsiku ndi iwo. Bambo pachinkhoswe amangokhala pampando n'kumamwetulira. Koma mpandowo ndimaufuna, amake Tionge. Sindinapemphe kuyankhula. Ndapempha mpando basi.

Ndiye onani zomwe achita Lamulungu. Gawo la seveni lafika pa buku la 11. M'buku limenelo ndi mmene bambo wapasitima amabwera kunyumba. Amamupeza Chete pakhonde. Samufunsa za sukulu, samufunsa kwawo. Amangomupatsa ambulera yothyoka, awiriwo n'kukhala pansi kuikonza, masamba makumi anayi opanda liwu ndi limodzi lomwe. Pomaliza bamboyo amaitambasula n'kumufunditsa mnyamatayo. Basi, wamuvomera. Ine buku limenelo ndinakaliwerengera kuchipinda chosungira katundu kuti anzanga asandione m'maso.

Mu katuni bamboyo amuchotsa. Yense wathunthu! Angoonetsa kasitima kakudutsa patali, masekondi atatu, ndinawerenga. Ndiye kuti kwa iwowo bambo amene ali kutali ndi wongotayitsa anthu nthawi.

Ndiulule musanamve kwa ena. Gawolo litatha sindinaimbire Tionge. Ndinaimbira Raphael. Nambala yake ndinali nayo kale, musafunse. Ndinamufunsa ngati kwawo kukupsa moto kuti azithamanga chonchi, ndi zina zomwe sindikuzikumbukira bwino. Iye amangoti, "Pepani bambo, pepani bambo." Ndinanena zoona zokhazokha, kungoti mwina mokweza pang'ono.

Ellard


5 Juni 2024

Amake Tionge,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kwazizira, bondo likundikumbutsa zaka zanga.

Kalata yanu inali yaifupi koma inaluma. Mukunena zoona. Mpongozi saimbira foni mnyamata amene sanalowe n'komwe m'banja. Mawu amadzera kwa ankhoswe. Ndawachititsa manyazi a Peterson pamaso pa akuchimuna. Ndalakwa. Onani, ndalemba ndi inki, mukhoza kusunga mu Baibulo.

Mugule nkhuku ku msika wa Limbe, ya lokolo, osati zoyera zija zolephera kuyenda, mukapereke kwa alamu m'dzina langa. Mukwere nayo minibasi yawo yomwe, ikawaipitsire mpando. Ayi, mawu amenewo musawauze.

Tionge sakuyankha foni. Magawo awiri ndaonera ndekha. Ikakwana 3 koloko ndimatsamiritsa foni pa kapu, ndikatha ndimaiyang'ana, osalira. Gawo la naini linali ndi zolakwa folo zoti tikanaseka mpaka misozi. Ndazilemba kumapeto kwa kope, zikumudikira.

Mumuuze chonchi: chinkhoswe chichitike pa 27 Julayi. Tsiku ndi lake, si langa. Nsalu yanu ndi yake nditumiza ndi a Sidiki, inu mudzandijambulire zithunzi zambiri. Pampando wanga mudzaikepo chipewa changa chija. Icho sichikalipira munthu.

Wanu,
Ellard


26 Juni 2024

Amake Tionge!

Muli bwanji, ndili bwino, za moni zathera pompa. Tsopano mverani.

Lamulungu linali gawo lomaliza. Mabuku atatu m'mphindi makumi awiri! Kufunsira, ukwati, mpaka khanda m'manja, nyimbo isanathe. Ndinatsala pang'ono kuponya foni kukhoma, ndipo pomwepo inalira. Tionge! Popanda ndi moni yemwe:

"Adadi, mwaziona zopusazi?"

Ndinati ndaziona, mwana wanga.

"Diresi la ukwati laoneka masekondi angati?"

Ndinati faifi.

"Folo, adadi. Ndabwereza kawiri."

Tinawasambwadza opanga katuni aja ola lathunthu. Ndinamuwerengera zolakwa zija ndinasunga m'kope, iye n'kuwonjezapo zake ziwiri zomwe ine sindinazione. Chaka chino sindinakondwepo chonchi.

Kenako anandiuza zomwe inu mwakhala mukundibisira. Akuti nditamukalipira Raphael, mnyamatayo anamufunsa kuti kodi adadi ako ndawalakwira chiyani. Tionge anangomupatsa buku la 11. Ndipo mukudziwa chomwe mnyamatayo anachita? Analitsegula ngati nyuzipepala, monga ndinachitira ine kalelo, n'kuyambira kumapeto kwa nkhani! Ndiye iye anaona bambo akumufunditsa mnyamata ambulera, kenako awiriwo n'kukhala pansi kuiphwasula mpaka itathyoka, bamboyo n'kukwera sitima kumapita. Akuti anabwera ku famase thukuta lili kamukamu: "Tionge, ndiye kuti adadi ako andikana?" Ndaseka mpaka a chipinda chinacho anagogoda khoma.

Atamuonetsa poyambira n'kuwerenga bwino, sanandiimbire ine ayi. Ali ndi nzeru kuposa apongozi ake. Anapita kwa atsibweni ake n'kuwapempha kuti akagwade kwa a Peterson, akanene kuti akuchimuna akupempha tsiku lisunthe lifike Disembala, kuti bambo a mwana adzakhalepo. Ine ndinakuwa kuchokera ku Joni, osamveka. Mawu omwewo atadzera m'njira yake, alamu akanakana bwanji? Nkhoswe mnzawo wabwera yekha, wavula chipewa, wakhala pansi. Akuti alamuwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mvula ikadzakunyowetsani musadzandidandaule ine." 21 Disembala!

Inu munadziwa zonsezi sabata yatha n'kungokhala duu. Chete weniweni ndinu.

Nsalu ndatumiza kale, muisunge poti njenjete zisafike. Tsopano pemphererani mapepala aja. Mabanja awiri asuntha tsiku chifukwa cha ine. Ndikalephera Disembala, sindikudziwa kuti nkhope ndidzaiika pati.

Nkhuku ija alamu anati inali bwanji?

Ine wanu wokondwa,
Ellard


13 Novembala 2024

Okondedwa amake Tionge,

Moni wambiri kwa inu ndi Tionge. Ndamva kuti kumeneko kwatentha koopsa, muzimwa madzi. Ine ndili bwino tsopano.

Pepani kuti miyezi yapitayi munangomva mawu anga pa foni ya mphindi ziwiriziwiri. Ogasiti ndi Seputembala mumsewu mwathu muno simunali bwino kwa ife obwera. Shopu inatsekedwa masiku angapo, ndipo anzathu ena anapita osatsanzika. Ndidzakuuzani pakhonde, mwinanso sindidzakuuzani.

Koma mapepala atuluka! Ali m'thumba la jekete pamene ndikulemba pano, ndipo ndikumawagwiragwira ngati dzino lotuluka kumene. Ndinapita ku ofesi kuja kasanu. Ulendo wachinayi mayi wa pawindo sanandiyang'ane n'komwe, anangoti ndibwerenso sabata yamawa. Mawu anakwera mpaka pakhosi, amake Tionge, mawu abwino kwambiri, Chingerezi chosankha. Ndinakumbukira nkhuku ya ku Limbe ija. Ndinameza, n'kunena kuti zikomo mayi. Mukanandiona mukanati wina wandibwereka nkhope.

Mpando pa basi ya a Sidiki ndagwira kale. Ndifika Lachiwiri, pa 17 Disembala.

Tsopano ntchito yanu. Kuseri kwa wadiropu kuli ambulera yanga yakuda ija, yothyoka mawaya awiri. Musaitaye, ndipo musaipereke kwa wokonza wa ku msika. Ingoipukutani fumbi. Mukapemphe kwa a Peterson kuti auze ankhoswe anzawo kuti Raphael adzafike kunyumba Lachinayi masana, chinkhoswe chisanachitike. Mwaona, ndaphunzira, ndadzera kwa alamu. Tionge musamuuze.

Ndikudziwa chomwe mukuganiza, kuti Ellard sangathe masamba makumi anayi osayankhula. Mudzaona.

Buluku la suti mulipititse kwa telala alibweze m'chiuno, ndatsikako pang'ono. Abwana akuti kukumveka mphekesera yoti opanga katuni aja akufuna kugwiranso buku lina la wolemba yemweyo. Ndawauza kuti asandiyambe, ndili ndi chinkhoswe.

Ndine wanu,
Ellard


15 Januwale 2025

Okondedwa amake Tionge,

Ndinafika bwino, ndipo ndikhulupirira kutopa kwa alendo kwakutherani. Bondo latupa chifukwa cha kuvina, koma sindikulidandaula.

Munandifunsa kawiri zomwe zinachitika pakhonde Lachinayi lija inu muli ku Limbe kogula zitenje, ine n'kukana kunena. Pakamwa ndinkachita manyazi. Papepala ndinena.

Raphael anafika atavala tayi, dzuwa lili phwee. Atakhala pansi ndinatulutsa ambulera n'kumupatsa, osanena kanthu. Iye anapisa m'thumba n'kutulutsa pulayazi ndi waya. Anabwera atakonzeka! Mtima wanga unachita kudumpha, koma nkhope ndinaiumitsa ngati ya bambo wapasitima. Tinayamba ntchito. Chete, chete. Nkhuku za a neba zokha ndizo zinkamveka.

Vuto ndi lakuti mwanayo ndi wa mu ofesi. Manja ake amadziwa kompyuta basi. Ndinaona akupinda waya wabwinobwino n'kusiya wothyoka. Ndinapirira. Anapindanso wina. Ndinaluma mlomo. Atagwira wachitatu zinandikanika.

"Osati choncho iwe, ukuipha!"

Anadzidzimuka mpaka pulayazi inagwa. Kenako anayamba kuseka, akubisa pakamwa.

"Bambo, m'buku muja simuyankhula."

"M'buku muja mkamwini amadziwa kugwira pulayazi!"

Pamenepo pawindo la kukhitchini panamveka mawu: "Mphindi sikisi, adadi! Ndimawerenga!" Ndiye kuti munamuuza. Tidzakambirana imeneyo.

Tinaimaliza atatu, Tionge akutigwirira nsalu. Inatuluka yopendekeka ngati chipewa cha chidakwa. Komabe ndinaimirira, ndinaitambasula, n'kumufunditsa mnyamatayo. Kunalibe ndi dontho lomwe la mvula.  Raphael anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, nthawi yaitali. Palibe anayankhula. Pamenepo ndiye tinakwanitsa.

Za Loweruka munaziona nokha. Mvula inamenya denga la holo mpaka wa zokuzira mawu anagonja, ndipo bingu lililonse a Peterson ankatembenuka kundiyang'ana ine ngati ndine ndaliitana. Koma munaona mmene Raphael anachitira atabwera nawo atsikana ofundidwa zitenje aja? Sanathamange. Anazungulira woyamba, anayang'ana mapazi a wachiwiri, anabwereranso kwa woyamba, alamu akungoyang'ana wotchi. Ankadziwa kale kuti Tionge ndi wachitatu, ndinamuona akumwetulira. Ndipo ine ndinakhala pampando wanga maola anayi osanena kanthu. Inu munangonditsina kawiri kokha.

Chimene simunamve ndi ichi. Atasinthana nkhuku, a Peterson anayamba kale kunena kuti ukwati ungathe kuchitika Epulo. Tionge anawerama ngati akundipatsa fanta n'kundinong'oneza kuti, "Musadandaule adadi, tili pa buku la 11. Atsala faifi." Tsiku adzatchula ankhoswe, ine sindilowererapo. Koma alamu muwapatse moni, muwauze kuti m'katoni muli malaya awo. Anayendetsa mwambo bwino, zoona ndimanena.

Ambulera ija musavutike kuifuna kuseri kwa wadiropu. Ndinaitenga. Kuno mvula ikugwa masana aliwonse, ndipo ndikupita nayo kuntchito. Imadontha mbali yakumanzere, pomwe anapinda mkamwini wanu. Abwana andiona phewa lili chonyowa n'kundiuza kuti pakona akugulitsa zatsopano. Ndawayankha mwaulemu, motsitsa mawu, kuti iyi anakonza ndi mwana wanga.

Ndine wanu nthawi zonse,
Ellard